Wodwala wachete ndiye tikumutaya

Mawu akuti misala akatchulidwa, ambiri a ife timaganiza za munthu wovala sanza amene amayendayenda pamsika, akutola zotaya ndi kulankhula yekha. Ameneyo aliyense amamuona. Ana amamuthawa, akulu amamuponyera chigumu kapena kumupirikitsa. Koma pali wodwala wina amene sitimuona. Iye savula, sagenda munthu, saswa kanthu. Amangokhala pakhonde kapena m'nyumba, mutu uli pansi, nsima ikuzizira pambali pake. Akalankhula amalankhula motsitsa, koma zimene amanenazo n'zoopsa: kuti iye ndi wochimwa kuposa anthu onse, kuti banja likuvutika chifukwa cha iye, kuti apolisi ali m'njira kudzamutenga. Tsiku lina timadzuka ndi uthenga wa maliro, ndipo pasiwa timanong'onezana kuti, "Kodi chatsitsa dzaye n'chiyani? Si munthu wofatsa uja?"

Ganizo langa m'nkhani ino ndi limodzi. Munthu wotereyu akudwala matenda odziwika, amene ali ndi dzina ndiponso mankhwala, ndipo moyo wake uli pangozi kuposa mmene timaganizira. Tikumutaya chifukwa chipatala tachisandutsa khomo lomaliza. Timayamba tadikira, kenaka timamukalipira, kenaka timazungulira naye kwa asing'anga ndi kumapemphero, ndipo tikamati tipite kuchipatala, nthawi zina madzi amakhala atatayika kale.

Matendawa ndi otani?

Kukhumudwa n'kwa munthu aliyense. Woferedwa amalira, mlimi amene fodya wake wagulidwa pamtengo wolira amasowa tulo. Zimenezo si matenda, ndipo zimapepuka masiku akamapita. Matenda a kukhumudwa ndi ena. Chisoni chimakhala tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kupitirira, ndipo sichichoka ngakhale pabwere nkhani yabwino. Munthu amasiya kukondwa ndi zimene ankakondwa nazo, kaya ndi dimba lake, kwaya, bawo kapena adzukulu. Chakudya sichilowa, thupi limatha, tulo timathawa, makamaka m'bandakucha. Kuyenda ndi kulankhula kumachedwa ngati munthu wasenza mwala.

Kwa anthu ena matendawa amazama n'kufika posokoneza mmene munthu amaonera zinthu. Amayamba kukhulupirira ndi mtima wonse zinthu zimene palibe, ndipo ena amamva mawu a anthu amene palibe. A chipatala amawatchula matenda amenewa pa Chipwitikizi kuti depressão psicótica. Zimene wodwala amakhulupirira zimakhala zamdima ngati mtima wakewo. Wina amati analakwa tchimo losakhululukidwa, chikhalirecho chimene akunenacho ndi kabodza kakang'ono ka zaka makumi awiri zapitazo. Wina amati banja lonse lifa ndi njala, pamene nkhokwe ili yodzaza ndipo mbuzi zili m'khola. Wina amati m'mimba mwake mwaola, magazi aphwa, kapenanso kuti iye anafa kale. Dokotala wa ku France, Jules Cotard, analemba za odwala otere m'chaka cha 1880, kusonyeza kuti si matenda achilendo, ndipo si a kwathu kokha kuno. Winanso amati akusakidwa kuti alangidwe, ndipo chodabwitsa n'chakuti amavomereza kuti chilangocho n'chomuyenera.

Pano pali mfundo imene ikutikhudza kwambiri ife a kumudzi. Nthawi zina mayi wachikulire amene wakhala chete kwa miyezi amadzuka n'kunena yekha kuti, "Ndine mfiti, mwana uja ndinadya ndine." Mudzi wonse umati waulula. Koma dokotala wina wa ku Britain, Margaret Field, amene anagwira ntchito m'midzi ya ku Ghana m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amayi ambiri amene ankadzinenera ufiti motere anali odwala matenda a kukhumudwa. Taganizani, abale, munthu amene matenda amuuza kale kuti ndi woipa, ndiye mudzi wonse n'kumuvomereza, kumukuwiza ndi kumusala. Atsala ndi chiyani?

N'chifukwa chiyani ngozi yake ndi yaikulu?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, limene kuno timalidziwa kuti OMS, limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Lipoti lake la chaka cha 2014 linaika Mozambique pakati pa maiko a mu Africa amene vutoli linali lalikulu kwambiri. Madokotala ataphatikiza zofufuza za m'maiko osiyanasiyana m'chaka cha 2018, anapeza kuti odwala amene kukhumudwa kwawo kwafika posokoneza mutu amayesa kudzipha pafupifupi kawiri kuposa odwala kukhumudwa kokha.

Chifukwa chake n'chomveka. Munthu wokhumudwa akaganiza zofa, pamakhala zinthu zimene zimamukoka kuti abwerere: ana ake, mpingo wake, mantha, chiyembekezo chakuti mwina mawa kucha bwino. Koma matenda akafika posokoneza mutu, zinthu zomwezo zimatembenuzidwa. Amakonda ana ake ndithu, koma amakhulupirira kuti iye ndiye tsoka lawo, ndipo akachoka anawo apuma. Amaopa Mulungu ndithu, koma amakhulupirira kuti Mulungu anamutaya kale. Kwa iye zimenezi si maganizo chabe, ndi zoona ngati dzuwa. N'chifukwa chake mawu athu akuti "limbani mtima" kapena "ganizirani ana" samufika.

Chachiwiri, wodwalayu amabisa. Amachita manyazi, amaopa kutchedwa wamisala, kapena amaganiza kuti amene akumufunsayo ali kumbali ya omusaka. Ngakhale pamaso pa dokotala akhoza kungoti mutu ukupweteka. Ngati a m'banja sanena zimene akumva usiku, wodwala amabwerako ndi panado.

Zinthu zimene zimakweza ngozi

Kuyeza matenda ndi ntchito ya a chipatala. Ntchito yathu ndi kuona msanga. Palibe amene angalosere tsiku, koma pali zinthu zodziwika zimene zikapezeka pa wodwala, ngozi imakwera.

Choyamba, ngati anayesapo kale. Ichi ndicho chachikulu pa zonse. Ku Denmark anatsata odwala kukhumudwa kwakukulu oposa 34,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2014. Anapeza kuti amene anadzivulazapo kale anali pangozi yofa modzipha pafupifupi kasanu kuposa anzawo. Tsono tisiye kunena kuti "ankangotiopseza" kapena "ankafuna timumvere chisoni". Ngakhale zinachitika kalekale, ngakhale sanavulale kwenikweni, a chipatala ayenera kuuzidwa.

Chachiwiri, kudziweruza ndi mawu olamula. Wodwala amene akunena kuti ayenera kulangidwa, kuti ndi mtolo kwa abale, kapena kuti palibe chimene chingasinthe, ali pangozi. Amene akumva mawu omutukwana, makamaka mawu omuuza kuti adzivulaze, ameneyo asagonenso kunyumba osaonedwa ndi a chipatala.

Chachitatu, kusagona ndi kusakhazikika. Ena amangoti duu, koma ena amayendayenda usiku wonse, akupotokola manja, akubuula, akutsegula ndi kutseka chitseko. Mantha otere ndi owawa kwambiri, ndipo munthu amangofuna chilichonse chowathetsa. Nthawi yoopsa ndi ya m'bandakucha, pamene iye ali maso koma nyumba yonse ili m'tulo.

Chachinayi, kukhala mwamuna ndiponso ukalamba. Kufufuza kwa ku Denmark kuja kunapeza kuti amuna anali pangozi pafupifupi kawiri kuposa amayi, ndipo ngozi inkakwera zaka zikamachuluka. Kwathu kuno timati mwamuna salira, ndiye bambo amafa nazo mumtima. Agogo akasiya kudya ndi kulankhula timati ndi ukalamba. Ukalamba suuza munthu kuti ndi wotembereredwa. Amenewo ndi matenda.

Chachisanu, kukhala wekha ndi kutaya zinthu. Mayi wamasiye, mkazi amene mwamuna wake anapita ku Joni kapena ku Moatize n'kusiya kutumiza uthenga, bambo amene banja latha ndipo wabwerera kwawo wopanda munda, mlimi amene ngongole ya feteleza yamutsalira fodya atagulitsa kale, onsewa alibe wowayang'ana usiku. Mavuto otere pawokha sapha munthu, pakuti ambiri amadutsamo n'kupitiriza moyo. Koma akagwera munthu amene akudwala kale, amakhala ngati umboni wa zonse zimene matenda akhala akumuuza.

Chachisanu ndi chimodzi, mowa ndi chamba. Ambiri amamwa kachasu kuti apeze tulo. Tuloto timakhala ta maola ochepa, kenaka chisoni chimabwerera chokulirapo. Choopsa kwambiri n'chakuti mowa umachotsa mantha ndi kudziletsa. Chimene munthu akanachiopa ali bwinobwino, amachichita ataledzera.

Chachisanu ndi chiwiri, matenda ena a mgonagona. HIV, chifuwa chachikulu, khunyu, sitiroko, ndi ululu wosatha zimalemetsa mtima. Masabata oyamba munthu atangouzidwa zotsatira za magazi ndi ofunika kumukhala pafupi.

Chachisanu ndi chitatu, uchembere watsopano. Mwa amayi 1,000 aliwonse obereka, mmodzi kapena awiri amasokonezeka mutu, kawirikawiri m'masabata awiri oyamba. Mayi amene sakugona ngakhale khanda lagona, amene akunena kuti mwanayo si wake, ndi wotembereredwa, kapena kuti iye ndi mayi woipa ndipo onse awiri kuli bwino achoke, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Apongozi, anamkungwi ndi azamba, nkhani iyi ndi yanu. Mayiyo asatsale yekha ndi khanda kufikira ataonedwa.

Chachisanu ndi chinayi, ngati m'banjamo wina anadziphapo. Timati ndi mzimu wa malemu ukuitana. Chimene chimayenda m'magazi ndi kufooka kwa matendawa, monga shuga ndi BP zimayendera m'mabanja ena. Si temberero, ndipo sizitanthauza kuti zichitikanso. Zikungotanthauza kuti banja lotere likhale tcheru.

Chakhumi, poizoni ali pafupi. Za ichi ndinena pamunsipa, pakuti ndi nkhani ya mlimi aliyense.

Kuwonjezera pa izi, pali zizindikiro zosonyeza kuti nthawi yafupika. Wodwala akayamba kutsanzika, kugawa zovala ndi ziweto, kulangiza ana za mmene adzakhalire iye kulibe, kapena kupepesa kwa anthu popanda chifukwa, musadikire kuti kuche. Chenjeraninso ndi bata lodzidzimutsa. Munthu amene dzulo anali kubuula, lero wadzuka wodekha, wasamba, akumwetulira, koma sanalandire mankhwala alionse. Nthawi zina bata limenelo limabwera chifukwa wamanga kale mfundo mumtima.

Khomo loyamba likhale chipatala

Ndikudziwa zimene ena munene. Chipatala chili kutali, chapa ndi ndalama, njinga yamoto ndi ndalama, ndipo nthawi ya dzinja misewu ya ku Tsangano ndi ku Domwe imavuta. Nthawi zina umafika n'kumva kuti mankhwala atha. Zonsezi n'zoona, ndipo a zaumoyo ayenera kuzimva. Koma tiwerengere bwino. Banja limene lazungulira kwa asing'anga atatu, nkhuku, mbuzi ndi mametikali zimene lawononga zimaposa kutali ulendo wa ku Ulongwe. Ndipo pa maliro timasonkha tsiku limodzi ufa, nkhuni, matabwa ndi galimoto. Ngati timatha kusonkhera bokosi, tingalephere bwanji kusonkhera ulendo wa munthu wamoyo?

Ena munena kuti izi n'za mizimu, za chipatala sizigwirapo. Sindikufuna kunyoza chikhulupiriro cha munthu. Ndingopempha chinthu chimodzi: yambani mwateteza moyo. Mwana akakomoka ndi malungo timathamangira naye kuchipatala, zofunsira zimabwera pambuyo. Apanso n'chimodzimodzi. Asing'anga athu, makamaka inu a m'bungwe la AMETRAMO, mwakhala mukutumiza kuchipatala anthu otsokomola nthawi yaitali. Chitaninso chimodzimodzi ndi munthu amene akulankhula zofa. Ndipo chonde musamuuze wodwala wotere kuti wakulodza ndi uje, kapena kuti walakwira mizimu. Mawu amenewo amagwera pabala.

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Mvano, atsogoleri a miphakati, pemphero ndi chitonthozo chachikulu kwa wodwala ndi kwa omusamalira. Koma munthu amene matenda amudzaza ndi kudziweruza, mukamuuza kuti alape kwambiri, aulule zonse, asale kudya, mukusonkhezera moto. Akhoza kuulula m'mawa, masana wabweranso ndi tchimo lomwelo, chifukwa chimene chikumudya si tchimo koma matenda. Mupempherereni, mumuuze kuti ndi wokondedwa, kenaka mumuperekeze kuchipatala. Ndipo pasapezeke womuuza kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro.

Palinso manyazi. Banja limaopa kuti likadziwika kuti muli wamisala, ana aakazi sakwatiwa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kubisa wodwala m'nyumba, kumutsekera kapena kumumanga sikuchiza kanthu. Kumangomutsimikizira kuti iye ndi mkaidi woyembekeza chilango.

Zoyenera kuchita lero

Mufunseni mosapita m'mbali. Khalani naye pansi pamalo a phee, munene kuti, "Achimwene, ndikuona kuti mukuvutika kwambiri. Kodi mumaganiza zodzipha?" Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa nzeru. Ofufuza anaona kuti sizili choncho. Kufunsa sikubzala ganizolo, koma kumamasula munthu amene wakhala akulisenza yekha. Akavomera, funsaninso ngati waganiza kale za njira ndi nthawi. Akakana koma zizindikiro zili poyera, khulupirirani maso anu.

Musatsutsane naye. Kumutengera kunkhokwe kuti aone chimanga sikuthandiza, anena kuti si chake kapena chaola. Musamuseke, musamukalipire, komanso musavomereze zimene akunenazo. Mukhoza kunena kuti, "Amayi, ine sindikuziona choncho, koma ndikuona kuti mukuchita mantha. Sindikusiyani nokha."

Asakhale yekha usana ndi usiku. Mutu umodzi susenza denga, choncho gawanani. Wina agone naye chipinda chimodzi, wina amuperekeze kumunda, kudambo, ngakhale kuchimbudzi adikire panja. Malume kapena wamkulu wa banja akonze ndondomeko, kuti ntchitoyi isagwere mkazi kapena mwana mmodzi mpaka naye kudwala. Akakupemphani kuti musauze munthu, musalonjeze. Kuli bwino akukwiyireni ali moyo.

Chotsani zoopsa. Mankhwala a m'munda, a makoswe, a ziweto, mapilisi onse a m'nyumba, zingwe ndi zida zakuthwa, zonsezi zikasungidwe kwa mnansi wodalirika, osati kudenga kapena kunsi kwa bedi.

Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene ambiri timamudziwa kuti APE, ndi a mfumu, kuti athandize za ulendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 dziko lathu lakhala likuphunzitsa anthu apadera oona matenda a maganizo, otchedwa técnico de psiquiatria, ndipo amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Pachipatala chaching'ono pemphani kalata yokutumizani kwa iwo. Matenda akakula, iwo ndiwo amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Wopita naye akhale munthu amene amagona naye nyumba imodzi, ndipo akanene zonse: mawu enieni amene wodwala amalankhula, masiku amene sanagone, mowa, mankhwala ena amene akumwa, ndi zimene anayesapo. Tchulani mawu akuti kudzipha momveka, kuti musaikidwe kumapeto kwa mzere.

Ngati kusokonezekako kwabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kukomoka kapena kusazindikira malo, akhoza kukhala malungo a m'mutu kapena matenda oumitsa khosi. Pamenepo ola lililonse ndi lofunika. Ndipo ngati munthu wamwa kale poizoni, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere. Mugonekeni chammbali, thamangani naye, ndipo mutenge botolo kapena paketi kuti a chipatala adziwe chimene akulimbana nacho.

Linda madzi apite

Uthenga wabwino ndi wakuti matendawa amachizika. Kawirikawiri a chipatala amapereka mankhwala a mitundu iwiri pamodzi, ena ochotsa kukhumudwa, ena oletsa mawu ndi zikhulupiriro zosokonekera. Tulo timabwera msanga, koma mtima umatenga masabata angapo kuti upepuke. Musataye mtima sabata yoyamba n'kunena kuti sakugwira. Wodwala akauma khosi kapena nsagwada, akamanjenjemera, akamalephera kukhala pansi kapena kugona mopitirira, bwererani mukanene. A chipatala akhoza kusintha mlingo kapena mtundu. Mapilisi asunge wachibale, azimupatsa a nthawi imeneyo okha, ndi kuona kuti wameza.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Wodwala akatuluka m'chipatala, tonse timapuma, alonda aja amabwerera kuminda yawo. Chikhalirecho masabata ndi miyezi yoyamba atatuluka ndi imodzi mwa nthawi zoopsa kwambiri. Mphamvu za thupi zimabwerera msanga kuposa chiyembekezo. Munthu amene analibe mphamvu yodzuka pamphasa tsopano akhoza kuyenda, koma mdima uja sunathe. Wabwereranso ku ngongole yomwe ija, ndipo tsopano pawonjezeka maso a anthu ndi manong'onong'o a pachitsime. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Pitirizani kumulonda, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala lisaphonyedwe ngakhale kuli kupalira.

Mankhwala asasiyidwe chifukwa munthu akuoneka bwino. Madokotala a ku United States ndi Canada anatsata odwala amene anali atachira, ndipo anafalitsa zotsatira m'chaka cha 2019. M'masabata 36, mwa amene anapitiriza mankhwala a mitundu yonse iwiri, 20 pa 100 aliwonse ndiwo anadwalanso. Mwa amene anachotseredwa mtundu umodzi, 55 pa 100 aliwonse anadwalanso. Woyenera kunena tsiku losiya ndi wa chipatala yekha.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathu lapadera. Ena chipatala chapafupi ndi cha ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo mwezi wina amapita uku, mwezi wina uko. Pangozi pitani kumene kuli pafupi. Koma pambuyo pake sankhani malo amodzi otsatira matendawo, yendani ndi makhadi onse, ndipo musaphatikize mapilisi a mbali ziwiri popanda kuonetsa a chipatala. Maina amasiyana, Chipwitikizi uku Chingerezi uko, koma mankhwala akhoza kukhala amodzi omwewo, wodwala n'kumamwa mlingo wowirikiza.

Botolo la kudimba

M'nyumba ya mlimi wa fodya, tomato, kabichi kapena mbatata ya kachewere simusowa botolo la mankhwala opopera. OMS imati pa anthu asanu aliwonse odzipha padziko lonse, pafupifupi mmodzi amafa ndi mankhwala a m'munda, makamaka m'midzi ya alimi ngati yathu. Ena amati wofuna kufa apeza njira ina. Zimene zinachitika ku Sri Lanka, dziko la alimi ku Asia, zikutsutsa zimenezo. Boma la kumeneko litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo ulimi sunagwe. Chifukwa chake n'chakuti mphindi yoopsa ija imadutsa. Munthu akapanda kupeza chida pa ola limenelo, kawirikawiri amafika m'mawa ali moyo, ndipo ambiri opulumuka sadzafa modzipha.

Kuno ku Mozambique boma linaletsa mankhwala ena oopsa kwambiri m'chaka cha 2014, koma tonse timaona timapaketi topanda dzina m'misika ya m'malire. Ndikupempha mafumu ndi anyakwawa kuti nkhaniyi ikambidwe pabwalo. Mlimi aliyense akhale ndi bokosi lokhoma, makiyi asunge munthu mmodzi, ndipo agule okwanira ntchito ya nthawi imeneyo basi. Ogulitsa, munthu woledzera, wolira, kapena amene sakutha kunena mbewu imene akufuna kupopera, musamugulitse. Mametikali makumi asanu sangafanane ndi moyo wa mnansi.

Kwa inu amene mukumva kuti nkhaniyi ikunena za inu

Mwina mukuwerenga nokha, kapena mdzukulu akukuwerengerani, ndipo mumtima mukuti, "Enawo ndi odwala, koma zanga n'zoona, ine ndine wolakwadi." Kumva choncho ndi mbali ya matenda omwewa. Anthu ambiri amene anali otsimikiza ngati inu analandira mankhwala, ndipo patapita miyezi anadabwa okha kuti ankakhulupirira bwanji zimenezo. Simukuyenera kutikhulupirira lero. Chitani chinthu chimodzi chokha: uzani munthu mmodzi, kaya ndi mchemwali wanu, abusa, a mfumu kapena namwino, mawu enieni amene ali mumtima mwanu, ndipo mumulole akuperekezeni.

Kwa enafe, tsiku la 10 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ntchito yopewa kudzipha, koma wodwala wa m'mudzi mwanu sangadikire tsiku limenelo. Ganizirani nyumba zoyandikana nanu. Ndani wasiya kubwera kutchalitchi, kumsika, kubawo? Ndani munda wake wamera thengo chikhalirecho anali wakhama? Pitani mukaodire madzulo ano, mukhale pansi, mufunse, ndipo mumvetsere yankho lake mpaka kumapeto. Kalatayi mukatha kuwerenga, ipatsireni a mfumu, a mpingo ndi a sing'anga a m'dera lanu.